Nsanamira Yomwa Madzi

Chivomezi chinabwera Lachiwiri cha m'ma teni m'mawa, Anachidebe ali chiweramire pamasitepe, chikolopa m'manja. Sichinakhalitse. Nyumba inangoti gwedegwede kangapo, mawindo n'kulira, madzi a m'ndowa n'kukhavukira pamapazi awo, kenako zii. Pamene osoka amakumbukira kukuwa n'kuti chitapita kale.

Dzina loti Anachidebe anawapatsa ndi osokawo, chifukwa pa zaka makumi awiri ndi zitatu zimene anagwira ntchito pafakitale ya mayunifomuyi palibe anawaonapo manja ali lende. Nyumbayo inali yakalekale, ya konkire, yosanjikizana katatu. Pansi panali maofesi ndi olongedza katundu. Pakati panali makina osokera makumi asanu ndi limodzi. Pamwamba ndiye mosungira nsalu, mipukutu yolemera yoti amuna awiri amanyamula akubuula. Monsemo munalibe zipinda, koma mabwalo aakulu okhala ndi nsanamira zoimirira m'mizere, denga losalala litangokhala pamitu pake.

Chivomezicho chinasiya ming'alu m'makoma, ina yoti chala n'kulowa. Amanijala anayendera makoma onse akugogoda ndi kiyi wa galimoto, ngati kiyiyo anapita kusukulu ya zomangamanga. Anthu ankawatchula a Palibevuto, poti mawu amenewo ndiwo ankatsogola pakamwa pawo, kaya makina apsa, kaya munthu wadzisoka chala.

"Palibe vuto," anatero. "Mlamu wanga amata zonsezi mawa. Bwererani pamakina."

Anabwereradi. Mlamu uja anafika ndi simenti ndi penti, ndipo pofika Lachinayi makoma anali mbee, kuposa mmene analili chivomezi chisanabwere.

Anthu amaganiza kuti wokolopa sadziwa kanthu. Limenelo ndi bodza lamkunkhuniza. Onse m'nyumba muja ankayenda maso ali kumakoma, kumawindo, kunkhope ya bwana. Anachidebe okha ndiwo ankayenda maso ali pansi, ndipo simenti ya m'nyumbamo ankaidziwa ngati msana wa mwana wawo. Ankadziwa pamene madzi amadikha, pamene amathamanga, pamene amachedwa kuuma nyengo yozizira. Kumtunda kosungira nsalu kuja, akakhuthula theka la ndowa pakati, madzi ankayenda pang'onopang'ono kulowera kukhomo la masitepe. Zinali choncho chiyambire ntchito.

Lachisanu m'mawa madzi aja anakana njira yawo. Anakhuthula monga mwa masiku onse pafupi ndi nsanamira yapakati, madzi n'kungoyenda pang'ono, n'kuima, n'kuyamba kuchepa iwo akuona. Anawerama. Panali mng'alu wopyapyala wozungulira nsanamira yonse, kutalika kwake kuchoka pansanamira ngati mkono umodzi, wozungulira bwinobwino ngati wina wachita kujambula. Atakankha chikolopa kulowera kunsanamira, chinakodwa. Anapapasa ndi chala ndipo anapeza kuti simenti ya kunja kwa mng'alu yatsika pang'ono, ya m'kati yatsala m'mwamba. Kutsika kwake kunali kochepa, ngati kuchindikala kwa chikhadabo, koma sabata yatha sikunalipo.

Asanadzuke n'komwe, anamva kukuwa pansi pawo.

"Amayi! Mwatani kumtundako?"

Anali mwana wawo wamkazi, yekhayo amene anali naye, wosoka makolala a malaya. Makina ake anatsamira nsanamira yomweyo m'chipinda chapakati. Anachidebe atatsika anapeza madzi akuyenderera kuchoka kudenga, pakhosi penipeni pa nsanamira, ena akudonthera pamulu wa makolala oyera. Anali madzi akuda, osakanikirana ndi timchenga.

"Taonani mwandionongera ntchito," anatero mwanayo uku akukutumula makolala. "Ndiwauza chiyani akapitawo?"

Anachidebe sanayang'ane makolala. Anayang'ana kudenga, kenako mutu wa mwana wawo, kenako kudenga. Sankadziwa dzina la chimene akuonacho, koma ankadziwa kuti konkire yochindikala chotero siyenera kumwa madzi, ndipo pamwamba pa denga lakumwa madzilo panali nsalu zolemera ngati malole awiri.

"Samuka pamenepa," anatero. "Kapemphe makina a kuwindo."

"A kuwindo ndi a eni ake, amayi. Mukufuna ndikayambane ndi anthu chifukwa cha madzi a chikolopa?"

Anapita kuofesi. Pa zaka zonsezo anali asanalowemo popanda tsache, choncho anaima pakhomo manja atawapinda kutsogolo, n'kufotokoza zonse mwaulemu wake. A Palibevuto anamvetsera maso ali pafoni.

"Mayi, ming'alu yonse tamata. Simunaone?"

"Ya m'makoma, bwana. Uwu ndi wapansi."

"Ndiye pansi pakagwera kuti, poti pali kale pansi?" Anaseka okha. "Palibe vuto. Kuyambira lero kumtunda muzingosesa. Musadzatayenso madzi kumeneko."

Izi anazinena chitseko chili chotsegula, olongedza akumva. Pofika masana fakitale yonse inali itamva kuti Anachidebe awaletsa kutaya madzi kumtunda, ndipo aliyense wokumana nawo pamasitepe ankawalozera kuchimbudzi akudzigwira pakamwa. Mwana wawo anachita manyazi mpaka anakadyera payekha. Madzulo ake mlamu uja anakwera pamakwerero n'kupaka penti pakhosi pa nsanamira, ndipo anyamata onyamula katundu anauzidwa kuti asanje mipukutu ya nsalu za maovololo mozungulira nsanamira ya kumtunda, kuti malo aoneke mwadongosolo. Anasanja mpaka kufika m'mapewa.

Musaganize kuti amanijala anali mfiti. Sankabisa imfa mwadala ayi. Ankangodana ndi chinthu chooneka moipa, ndipo kwa iwo chinthu chikasiya kuoneka ndiye kuti chatha. Anthu otere ndi ambiri, ndipo amakwezedwa pantchito msanga.

Loweruka ndi Lamlungu lonse Anachidebe anali pakhosi pa mwana wawo. Anamupempha kuti Lolemba adzanamizire kudwala. Anamuopseza. Anamukumbutsa kuti anamulera okha bambo ake atamwalira. Mwanayo anangoti, "Amayi, nyumba ija inaima ine ndisanabadwe. Inu mwaphunzira liti zomanga?" Mawuwo anawapweteka kwambiri.

Lolemba kunabwera injiniya wotumidwa kudzayendera nyumba zonse za mumsewuwo. Anali mtsikana wochepa thupi, wovala chisoti cholimba ndi nsapato zafumbi, ndipo nkhope yake inkaonetsa kuti imeneyi ndi nyumba yachisanu ndi chiwiri kuyambira m'mawa. M'chikwama chake munali mapepala amitundu iwiri omata pakhomo, obiriwira ndi ofiira. A Palibevuto anamulandira ndi manja awiri, n'kumutsogolera khoma ndi khoma.

"Apa panali kamng'alu, tamata. Apanso, tamata. Ife sitigona, a injiniya."

"Mukanadikira tione kaye musanamate," anatero mtsikanayo motopa, koma analemba n'kupitirira.

Anachidebe ankawatsatira chapatali ndi tsache. Anaona injiniya akuyang'ana kudenga la chipinda chapakati, pamene penti inali itauma bwino. Anamuona akukwera kumtunda, n'kuima pakhomo, n'kuyang'ana milu ya nsalu. Anamumva akufunsa ngati nsaluzo zimakhala pamenepo nthawi zonse, amanijala n'kuyankha kuti chimangire nyumbayo. Injiniya anayang'ana wotchi yake. Panali nyumba zina zinayi zomudikira.

"Ndikufuna mudzachepetse katunduyu," anatero, dzanja likulowa m'chikwama. "Ndidzabweranso mwezi wamawa kudzaona bwino."

Pepala limene linatuluka linali lobiriwira.

Anachidebe anatsamiritsa tsache kukhoma. Anatsika masitepe onse mpaka kumpopi wa kuseri, n'kutenga ndowa ziwiri zazikulu zimene ankaziopa chifukwa cha msana. Anatsegula mpopi n'kuzidzaza zonse. Ankadziwa bwino lomwe chimene akutaya. Munthu wa zaka zawo akachotsedwa ntchito salembedwanso kwina, amangokhala pakhonde kudikira kuti ana amukumbukire. Koma mwezi wamawa unali kutali, ndipo mwana wawo ankakhala pansi pa nsanamira ija maola asanu ndi anayi tsiku lililonse. Ananyamula ndowa zonse ziwiri.

Anakumana ndi amanijala ndi injiniya pakhomo la kumtunda akutuluka.

"Mayi, ndinati chiyani za madzi?" anatero a Palibevuto, mawu ali pansipansi, kumwetulira kwa alendo kudakali pankhope.

"Munati ndisataye, bwana."

"Nanga izi?"

"Ndikutaya."

Anawadutsa, phewa lawo n'kukhudza jekete la bwana. Atafika pamulu wa nsalu anaika ndowa imodzi pansi, inayo n'kuikhuthula yonse pansi pa mipukutu. Anatenga yachiwiri n'kuzungulira mbali inayo, n'kukhuthulanso. Nsalu za maovololo zinayamba kuda m'munsi.

"Mwapenga kodi? Mukudziwa kuti nsalu imeneyo ndi ya oda ya eni ake? Alonda! Itanani alonda!"

Anachidebe sanawayang'ane n'komwe. Anayang'ana injiniya.

"A injiniya, pepani, ine sukulu sindinapite nayo patali. Koma ndathira ndowa ziwiri. Tandiuzeni madzi anga ali kuti."

Mtsikanayo anayang'ana pansi. Ndowa ziwiri zikanayenera kusefukira mpaka pamapazi ake. Panali kamtsinje kamodzi kokha kofooka, kamene kanatuluka pansi pa nsalu n'kuima. Kenako kuchokera m'chipinda chapakati kunamveka phokoso, mipando kukwekwereza, akazi kukuwa, ndi mawu amodzi oposa onse.

"Amayi! Mwayambanso?"

Injiniya anathamangira pansi. Atabwerako nkhope inali itasintha, kutopa konse kutatha.

"Chotsani nsaluzi. Musaponye, nyamulani bwinobwino, muziika kumbali kwa khoma."

"A injiniya, palibe vu..."

"Bambo, ndati chotsani."

Anyamata anachotsa mipukutu itatu, mng'alu uja n'kuonekera. Sunalinso wopyapyala. Kulemera kwa nsalu zimene anasanjapo kuti pakongole kunali kutautsegula moti pensulo ya injiniya inalowa mpaka theka. Anagwada, nagoneka lula yake yoyezera modutsa mng'aluwo, ndipo mbali imodzi ya lula inatsala m'malere. Ali chigwadire, anatembenukira kwa Anachidebe.

"Munauona liti, amayi?"

"Lachisanu. Unali ngati ulusi. Chikolopa ndicho chinakodwa."

"Munauza ndani?"

Anachidebe anangotembenuzira maso kwa amanijala, injiniya n'kutsatira kumene apita.

"Koma makoma ali bwinobwino," anatero a Palibevuto, thukuta lili kamukamu. "Mwaona nokha."

"Makoma amenewo sanyamula kanthu," anatero injiniya akudzuka. "Ndi njerwa zongotchinga mphepo. Mukhoza kuwagumula onse, nyumba n'kukhalabe chiimire. Chimene chanyamula anthu anu ndi apa, pamene silabu, konkire imene tapondayi, yakumana ndi nsanamira. Nyumba zakale ngati ino ankangothira silabu pamitu ya nsanamira, popanda mitanda yoilandira, ndipo zitsulo zoimangirira kunsanamira ankaika zochepa. Nthaka ikagwedezeka nyumba imapendamira uku ndi uku, ndipo kupindika konseko kumathera pakhosi pamenepa. Pakatopa, silabu imatsika, nsanamira n'kuiboola ngati chala pa pepala lonyowa."

"Ndiye timate ndi simenti yamphamvu?"

"Simumata. Yayamba kale kuboola, ndi chimene mukuchiona apachi. Ndipo siichenjeza kawiri. Ikaphonyoka pano, katundu wake amapita kunsanamira zoyandikana nazo, nazonso n'kuboola. Silabu ino imagwera yapansi pake, iyonso n'kugwera inzake. Zimasanjikizana ngati mbale, ndipo pakati sipatsala malo oti munthu n'kubisalapo." Anapukuta manja pa thalauza. "Zivomezi zing'onozing'ono zimatsatira chachikulu, mwina lero, mwina sabata yamawa. Pansi pathu pano pali anthu angati?"

"Makumi asanu ndi limodzi," anayankha Anachidebe. "Wa pansanamirapo ndi wanga."

Injiniya analamula kuti makina onse azimitsidwe, anthu atuluke poyenda, osathamanga, osabwerera kukatenga kanthu. Anachidebe anatsika n'kukaima pafupi ndi makina a mwana wawo mpaka anadzuka. Madzi anali akuyendererabe pansanamira, penti ya mlamu itatumphuka n'kulendewera. Anamugwira pamkono monga ankachitira pomuolotsa msewu ali wamng'ono, ndipo mwanayo anaulanda mkonowo, koma anatuluka.

Panja dzuwa linali litakwera. Anthu anadzaza msewu, timaulusi tili m'tsitsi, ena matepi oyezera ali m'khosi. Injiniya anamata pepala lofiira pachitseko, n'kumanga chingwe kuchoka pamtengo wa magetsi mpaka pampanda, n'kupita pambali kukaimba foni. A Palibevuto anatuluka pomalizira atakumbatira kompyuta, ndipo anapita molunjika kwa Anachidebe.

"Inu mayi inu, mwanyowetsa katundu wa kampani, mwandinyoza pamaso pa mlendo. Ntchito yatha. Mawa ndisadzakuoneni pano."

"Mawa kubwera ndani, bwana?"

Ena anaseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. Funso lomwelo ndi limene linawakumbutsa onse kuti iwonso mawa alibe kopita. Manong'onong'o anayamba kumbuyo n'kumabwera kutsogolo. Wina anati nyumba yakhala zaka makumi asanu osagwa, igwe lero chifukwa cha ndowa ziwiri? Wina anati anthu ena akakalamba amafuna aliyense akhale pakhomo ngati iwo. Mayi wina wosoka matumba, amene Anachidebe anamuperekezapo kuchipatala ali ndi pakati, anawayang'ana ndi diso lofiira n'kulavula pambali.

Ndipo nyumbayo, kunena zoona, inkaoneka bwino. Inali mbee ndi penti yatsopano, mawindo akunyezimira, osapendama ngakhale pang'ono. Palibe chopweteka ngati kupulumutsa anthu ku chinthu chimene sichikuoneka. Anachidebe anayembekeza kuti mtima ukhala pansi, koma m'malo mwake anamva mkwiyo, mkwiyo wa zaka zonse zimene anthu awa ankaponda pamene iwo akolopa osayang'ana n'komwe pansi.

"Nyumba yanuyo yatsala madzi amodzi," anatero mokweza, osayang'ana munthu. "Amene akuikonda akalowe. Ine sindigwira munthu."

Palibe anasuntha, kupatula mmodzi. Mwana wawo anachoka pagulu, nawerama kudutsa pansi pa chingwe, n'kulunjika kuchitseko. Anachidebe, msana womwe uja wa ndowa ziwiri, anafika pachitsekopo iye asanafike. Anaima pakati, dzanja lina pafelemu iyi, lina pa inayo.

"Mwati simugwira munthu."

"Iwe si munthu. Ndiwe mwana wanga."

"Ndikukatenga sizasi yanga ndi chikwama. Sizasi ija ndinagula ndekha. Popanda iyo ndikasoka ndi chiyani, poti ntchito mwatithetsera?"

"Ukasoka ndi mano."

"Amayi, chokani. Anthu akuona."

"Aone. Anaseka sabata yatha, lero aone."

Mwanayo anayesa kudutsa m'munsi mwa mkono, koma mkono umene wafinya chikolopa zaka makumi awiri ndi zitatu si wochita nawo masewera. Anabwerera m'mbuyo akupuma mwamphamvu, misozi ya ukali ili m'maso.

"Nanga ikapanda kugwa? Tinene kuti chaka chatha, zaka ziwiri, ili chiimire chonchi. Anthu onsewa ali pa ulova, ana awo abwezedwa kusukulu. Mudzayenda bwanji mumsewu muno? Ine ndidzati mayi anga ndi ati?"

Funsolo linali loona, ndipo Anachidebe analimva mpaka m'mafupa. Nyumbayo ikanatha kuimadi zaka zina khumi. Palibe akanadzawathokoza chifukwa cha maliro amene sanachitike. Anayang'ana mwana wawo, nkhope yotupa ndi mkwiyo, kaulusi koyera katamatirira patsaya, wamoyo.

"Ikapanda kugwa udzandida," anatero. "Udzandide ndithu, usadzandilankhule, ukadzakwatiwa usadzandiitane. Zonsezo ndivomera. Koma uzidana nane uli panja pano."

Mwanayo anachoka pachitsekopo. Anatembenuka n'kudutsanso pansi pa chingwe, nakakhala pamphepete pa ngalande kutsidya kwa msewu, atawafulatira, mapewa akugwedezeka.

Anthu anayamba kubalalika awiriawiri. Mlonda anabwera ndi loko, n'kuima mwamanyazi, poti pachitseko panali munthu.

"Amayi, ndikhome."

"Khomani, ndikuona."

Anasuntha pang'ono kuti chitseko chitsekeke, ndipo loko atalira anamukoka kawiri ndi dzanja lawo kuti atsimikize. Kenako anaoloka msewu n'kukakhala pangalande pomwepo, kusiya mpata wa munthu mmodzi pakati pa iwo ndi mwana wawo.